Shuga ya kumtundu: zoyenera kuchita muli kunja

Ngati bambo kapena mayi anu anapezeka ndi shuga atakula, musadikire ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku kuti mukayezetse. Kholo limodzi likakhala ndi shuga ya mtundu wachiwiri, pafupifupi ana 4 mwa 10 aliwonse amadzadwalanso pa moyo wawo. Makolo onse awiri akakhala nayo, chiwerengerocho chimayandikira 7 mwa 10.

Si jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo, imene imayambitsa matendawa. Pali timajini mazanamazana, kalikonse kowonjezera chiopsezo pang'ono. Yamphamvu kwambiri mwa majini ofala ndi TCF7L2, imene inadziwika mu 2006 ku Iceland. Majini ambiriwa amachititsa kuti kapamba azitulutsa mopereŵera insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi. Munthu akamalima, kupalasa njinga ndi kudya mgaiwa, insulin yochepayo imakwana. Akafika ku Johannesburg kapena ku Leeds n'kuyamba ntchito ya usiku, kuyendetsa galimoto tsiku lonse, kudya buledi ndi tchipisi, mimba imatuluka, thupi limafuna insulin yambiri, kapamba n'kutopa.

Musataye ndalama pa zoyezera DNA zogulitsidwa pa intaneti. Kafukufuku wambiri wa majiniwa anachitika pa azungu, choncho zotsatira zake kwa ife n'zosadalirika kwenikweni. Imbirani foni azakhali kapena amalume. Afunseni za makolo, agogo ndi abale a bere limodzi: ndani anali ndi shuga, ndipo inayamba ali ndi zaka zingati? Popeza ambiri kumudzi anamwalira osayezedwa, funsaninso za amene anadulidwa mwendo, anasiya kuona, anali ndi bala losapola, kapena anabereka mwana woposa makilogalamu 4. Lembani zonsezo, mukasonyeze dokotala.

Ku England, NHS Health Check, ndondomeko ya boma yoyeza thanzi, imayamba pa zaka 40, koma kwa anthu akuda chiopsezo chimakwera kuyambira pa zaka 25. Pemphani nokha kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, kuti akuyezeni. BMI, muyezo wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu, nayonso amationera mosiyana ndi azungu: 23 ndi chenjezo kale, 27.5 ndi kunenepa koopsa. Kunyumba, zungulizani tepi pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Muyezowo usafike theka la msinkhu wanu: wamtali masentimita 170 asafike pa 85.

Chenjerani kwambiri ndi HbA1c, muyezo umene madokotala amakonda chifukwa sufuna kusala kudya. Umaona shuga yomatirira ku maselo ofiira a magazi pa miyezi iwiri kapena itatu. 48 mmol/mol, kapena 6.5%, ndiye matenda. 42 mpaka 47 ndiye kuti ali pafupi. Koma anthu ambiri a ku Africa, makamaka amuna, anabadwa ndi vuto la kupereŵera kwa G6PD, chinthu choteteza maselo ofiira, lofala m'madera a malungo, ndipo ambiri sadziwa. Maselo awo ofiira amafa msanga shuga isanamatirire yambiri. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti kwa amuna otere HbA1c imatsika ndi pafupifupi 0.8%. Munthu amene anayenera kukhala pa 6.6% amapezeka pa 5.8%, n'kubwerera kunyumba osalandira mankhwala pamene maso ndi impso zikuwonongeka. Sickle cell, kuchepa magazi ndi ma ARV ena nazonso zimasokoneza muyezowu.

Choncho ngati kwanu kuli shuga, pemphani kuti akuyezeninso shuga ya m'magazi mutasala kudya maola 8. Ikafika 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL ku America, ndi matenda, ndipo amabwereza kuti atsimikize. Pakakhala kukayika, pali muyezo wakumwa magalamu 75 a glucose n'kuyezedwa pakatha maola awiri. Malire ake ndi 11.1 mmol/L.

Chotengera kwa makolo chimagonja ndithu. Mu kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wofalitsidwa mu 2002, amene analimbikitsidwa kuchepetsa thupi ndi 7% ndi kuyenda mwandawala mphindi 150 pa mlungu anachepetsa chiopsezo ndi 58%, ndipo a TCF7L2 yoopsa ija nawonso anapindula. Kwa wolemera makilogalamu 90, ndiye kutaya pafupifupi 6. Nsima musaisiye, koma mtanda umodzi ukwane, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke. Yambani ndi zakumwa: Sobo, Fanta, juwisi ndi masipuni atatu a mu tiyi aja. Amayi amene anapezeka ndi shuga ali oyembekezera aziyezetsa chaka chilichonse, ngakhale inatha atachira.