Mmene ndinamasulira mabuleki ogwirana a njinga yamoto yakale

Njinga yamoto imene inakhala zaka 3 osayenda inali itagwira mabuleki akumbuyo moti tayala silinkazungulira ngakhale pang'ono. Poyamba ndinkaganiza kuti ma brake shoe (zitsulo zopindika zimene zimakhuza mkati mwa dilamu kuti tayala liime) amatirira ku dilamu (chitsulo chozungulira cha pakati pa tayala), choncho ndinamasula nati ya ndodo ya buleki ndi kugogoda dilamu mozungulira ndi nyundo ya labala mpaka tayala linatuluka.

Vuto lenileni linali kachitsulo kamene kamatambasula ma brake shoe munthu akaponda buleki. Madzi analowa m'bowo mmene kamazungulira, ndipo dzimbiri linakamanga kali potambasula, kotero kuti masipuling'i ankalephera kubweza mabuleki. Ndinathirapo mafuta omasulira dzimbiri, ndinasiya usiku wonse, ndipo m'mawa ndinakatulutsa pogogoda ndi mtengo kuopa kuwononga mazinga. Nditakapala ndi sandipepala wosalala pamodzi ndi bowo lake, ndinapakapo girisi wochepa kwambiri, chifukwa girisi akafika pa brake shoe buleki sigwiranso.

Masipuling'i ndinaika atsopano, popeza akale anali atatha mphamvu. Pomaliza ndinamanga nati ya ndodo ya buleki mpaka chopondera chizitsika masentimita 2 buleki isanayambe kugwira.