Momwe mungakonzere ulendo wa banja wa kunyanja kuti usathere pamchenga pokha

Mabanja ambiri a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo akamanena kuti akupita kunyanja, chimene chimakhala m'maganizo mwawo ndi mchenga, kusambira ndi chambo chowotcha. Tsiku loyamba zimenezi zimakwanira, koma likafika lachiwiri mumapeza kuti agogo angokhala pamthunzi opanda chochita, ana atopa ndi dzuwa, ndipo ife amene tinazolowera kamphepo kozizira ka m'munsi mwa phiri tayamba kulefuka ndi kutentha kwa ku Mangochi. Mchengawo nawonso si wodalirika chaka chilichonse, chifukwa mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri moti magombe a malo ambiri ogona alendo anamira. Ine ndayenda ulendowu katatu ndi mkazi wanga, ana athu atatu ndi mayi anga, ndipo ndikufuna kufotokoza dongosolo limene linatithandiza kuti aliyense abwerere kunyumba ali ndi chimene waona.

Choyamba, konzani masiku anayi, ndipo tsiku la ulendo muliwerengere ngati gawo la tchuthi. Kuchokera ku Mulanje kukafika ku Cape Maclear ndi mtunda wa makilomita opitirira 300. Mukhoza kudzera ku Limbe n'kulowa msewu wa M3 wopita ku Zomba, kapena kunyamukira pa Chitakale kudzera ku Phalombe ndi ku Jali, njira imene ine ndimaikonda chifukwa imakupulumutsani ku chipwirikiti cha magalimoto a mu Limbe. Nyamukani kusanache. Thirani mafuta odzaza pamalo ovomerezeka ku Zomba kapena ku Liwonde, ndipo musadalire anyamata ogulitsa mafuta m'zigubu m'mbali mwa msewu, popeza mtengo wawo umakhala wokwera kwambiri ndipo simungadziwe chimene asakanizamo. Nthochi, mapeyala ndi zinanazi gulani kuno kwathu musananyamuke, chifukwa kunyanja zipatso zomwezo mudzazigula modula. Akuluakulu onse atenge ziphaso zawo za unzika, pakuti kumalo osungira zachilengedwe nzika za Malawi zimalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo ochokera kunja, ndipo pageti akhoza kukufunsani umboni.

Malo oyamba kuima ndi ku Liwonde. Nkhalango yosungira nyama ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mikango, imene inali itatha m'nkhalangoyi, inabwezeretsedwa mu 2018, koma musalonjeze ana kuti aiona, chifukwa masana imabisala. Chimene mungawalonjeze mosakayika ndi mvuu ndi ng'ona za mumtsinje wa Shire, ndipo m'chilimwe njovu nazonso zimatsikira kumadzi. Ngati ndalama zilipo zokwanira chinthu chimodzi chokha, sankhani ulendo wa paboti mumtsinje m'malo moyendayenda ndi galimoto, chifukwa munthu wachikulire amakhala pansi bwinobwino ndipo nyama zimaonekera pafupi. Powoloka Shire pa Kamuzu Barrage, auzeni ana kuti chotchinga madzi chimene akuchiona chinamangidwa koyamba mu 1965 kuti chizilamulira madzi opita kumalo opangira magetsi monga ku Nkula, magetsi omwewo amene timayatsa kunyumba.

Mukafika pa boma la Mangochi musangodutsa. Imani ola limodzi kapena awiri pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene pali nsanja ya wotchi yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria. Tawuniyi inayamba m'zaka za m'ma 1890 ndi dzina lakuti Fort Johnston. Pafupi ndi nsanjayo pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann tsidya lina la nyanja, kumayambiriro kwenikweni kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Vipya itamira mu 1946. Mayi anga anaima nthawi yaitali pamenepa, ndipo anatiuza kuti ali mtsikana anamvapo akuluakulu akutchula ngoziyo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale zokhudza nyanja ili chapafupi ndipo mukhoza kupitako wapansi. Kumbukirani kuti dera lino kuli Asilamu ambiri, choncho amayi ndi atsikana amange zitenje poyenda mumsika, ndipo zovala zosambirira zidikire kugombe.

Kuchokera pamenepo tsatirani msewu wa M10 wolowera ku Monkey Bay, ndipo musanafike kudoko mukhotere kumanzere, msewu wodutsa m'mapiri wopita kumudzi wa Chembe, kumene ndi ku Cape Maclear. M'njira yomweyi muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yooneka ngati mphini zimene asing'anga amatema pakhungu. Akatswiri a miyala amati mizereyo inabwera yokha chifukwa cha dzuwa ndi mvula za zaka zambirimbiri, koma anthu a m'deralo ali ndi nkhani zawo, ndipo ndi bwino ana amve mbali zonse ziwiri.

Tsiku lachiwiri liyambeni mbandakucha, osati kumalo kumene mwagona, koma kumbali ya mudzi kumene asodzi amakocheza. Usiku mudzakhala mutaona nyali zambirimbiri zili mbuu panyanja, ndipo m'mawa ndi pamene ana amamvetsa kuti nyalizo zinali zokopera usipa. Mabwato amafika, amayi amathamangira ndi mabeseni, usipa umayanikidwa pamathandala aatali, ndipo amuna ena amakhala pamchenga n'kumasoka makoka ong'ambika, ulusi atauluma m'kamwa ndipo chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ukonde. Mwana wanga wamng'ono, amene usipa amaudziwa uli wouma m'mbale za pamsika wa Chitakale, anagwira umodzi uli wauwisi ndi wonyezimira, ndipo anafunsa mafunso m'mawa wonse. Perekani moni musanajambule munthu, ndipo akakana musaumirire.

Dzuwa lisanakwere lowani m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Lipirani pageti ndipo sungani risiti, chifukwa imagwira ntchito tsiku lonse. Mkati mwake muli manda a anthu a mishoni ya ku Scotland, imene amishonale ake oyamba, kuphatikizapo Dr Robert Laws, anafika pano mu 1875 pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Apa ndi pamene Livingstonia yoyamba inali, koma malungo anapha anthu awo moti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Mwana aliyense amene amaphunzira mbiri ya Malawi kusukulu ayenera kuona manda amenewa ndi maso ake. Kuchokera pamenepo kanjira kamakafika ku Otter Point, kumene tinsomba ta m'miyala tamitundumitundu totchedwa mbuna timaoneka m'madzi oyera muli chiimire pamwala. Samalani ndi anyani, chifukwa amalanda chakudya m'manja mwa ana.

Tsopano ndifike pa nkhani ya boti lopita kuchilumba cha Thumbi, pakuti apa ndi pamene ulendo wathu woyamba unasokonekera, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Madzulo a tsiku loyamba mnyamata wina anatipeza pagombe, waulemu ndi wodziwa kulankhula, n'kunena kuti, "Bambo, mawa ndikutengani ku Thumbi, ana akaone nkhwazi ikutola nsomba, ndipo mtengo wanga ndi wotsika kuposa wa kumene mwagonako." Anandionetsa boti labwino lokhala ndi denga, ndipo anapempha theka la ndalama kuti akagule mafuta usiku womwewo. Ndinamupatsa popanda kulemberana chilichonse. Tinapangana 8 koloko m'mawa, koma iye anatulukira cha m'ma 11 koloko ndi boti lina, lathabwa, lopanda denga, pansi pake pali madzi amene mnzake ankakapa ndi chigubu chodula. Majekete oyandamitsa analipo awiri okha, onse a akuluakulu, pamene ife tinalipo asanu ndi mmodzi. Mkazi wanga anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Abambo, ana awa sadziwa kusambira, tisakwere." Ine ndinaganizira ndalama imene ndinali nditapereka kale ndi nkhope za ana amene anadikira m'mawa wonse, ndipo ndinalamula kuti tikwere. Mayi anga okha ndiwo anakana n'kutsala.

Popita nyanja inali bata ndithu. Mbuna tinaziona, nkhwazi inatsika n'kutola nsomba imene anaiponyera, ndipo ana anakuwa ndi chimwemwe. Koma unali mwezi wa Julaye, nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imavutitsa nyanja kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Pobwerera mphepo inali itadzuka, mafunde anayamba kulowa m'boti, ndipo tili pakati injini inazima. Mnyamata uja anavomera kuti mafuta anagula ochepa. Tinayandama kwa nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri, mkazi wanga atakumbatira ana awiri ndipo ine nditagwira wamkulu pamkono, kufikira asodzi ena anatiponyera chingwe n'kutikokera kumtunda. Titatsika, mnyamatayo anafunabe theka lotsala, n'kuwonjezera kuti tilipirenso asodzi aja. Mayi anga tinawapeza ataima m'madzi ofika m'mawondo, chitenje chitanyowa, akuyang'ana kumene tinali.

Kuyambira pamenepo ndimachita motere, ndipo inunso chitani chimodzimodzi. Boti lipezeni kudzera kumalo kumene mwagona, kapena funsani ogwira ntchito pageti la paki kuti akulozereni wotsogolera alendo wodziwika, amene ali ndi chiphaso ndipo akhoza kufunsidwa mlandu zinthu zikalakwika. Mtengo wake umakhala wokwererapo, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi moyo wa mwana. Musapereke ndalama iliyonse musanaone boti lenilenilo m'mawa wa ulendo. Werengani majekete ndi manja anu, mwana aliyense avale lake ndipo mumange zingwe zake muli pamtunda, chifukwa jekete lalikulu limavuka mwana akagwera m'madzi. Yang'anani m'thanki ya mafuta ndipo funsani ngati muli nkhafi m'botimo. Gwirizanani mtengo wonse pamaso pa munthu wina, ndipo munene momveka ngati ukuphatikiza magalasi oonera nsomba pansi pa madzi, nsomba zoponyera nkhwazi, chakudya cha masana ndi ndalama ya paki, popeza pa zinthu zimenezi ndi pamene mikangano imabukira. Nyamukani m'mawa kwambiri kuti mubwerere dzuwa lisanafike pamutu. Mukaona asodzi eniake akukokera mabwato awo kumtunda, kapena nsonga za mafunde zikuyera patali, ulendowo ulekeni ngakhale ana alire. Ulendo wachiwiri tinatsatira zonsezi, ndipo mayi anga anakwera nawo.

Tsiku lachitatu pitani ku Monkey Bay mukaone doko. Sitima ya Ilala imene ilipo lero inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951. Funsiranitu tsiku limene ikhale padoko, chifukwa nthawi zambiri imakhala ili kumpoto. Ngati mafuta ndi mphamvu zilipo, pitirirani mpaka ku Mua kudzera ku Golomoti, kumene kuli mishoni ya Akatolika ya mu 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976. Kumeneko kuli zigoba zambiri za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo ziboliboli zake mumagula mukudziwa amene anazisema.

Pobwerera, usipa wouma gulani pamathandala pomwepo, osati m'mbali mwa msewu. Chambo chachiwisi chiyang'aneni m'makha ngati muli mofiira, ndipo musachitenge ngati mulibe ayezi wokwanira ulendo wa tsiku lonse. Masiku onsewa muzigona m'masikito. Mukafika kunyumba, aliyense amene analowa m'madzi apite kuchipatala pakatha miyezi iwiri kuti akayezedwe likodzo, ndipo mwana akatentha thupi m'masabata oyambirira, mukamuyezetse malungo tsiku lomwelo.