Momwe ma QS angayambire kugwiritsa ntchito BIM

Ma QS (ma quantity surveyor, owerengera zipangizo ndi mtengo wa zomangamanga) ambiri mu Blantyre muno akadali pa sikelo rula, mapulani apepala ndi Excel. Ntchito imayenda, koma akitekiti akangosuntha khoma limodzi, BoQ (mndandanda wa zipangizo ndi ntchito, kuchuluka kwake ndi mitengo yake) muyambirenso kuikonza mpaka usiku. Mu BIM (Building Information Modelling) nyumba imajambulidwa pa kompyuta mu 3D, ndipo khoma lililonse limakhala ndi kutalika kwake, makulidwe ake ndi zomangira zake. Likasinthidwa, manambala amasintha okha.

Choyamba, musathamangire kugula pulogalamu. Laisensi ya Revit kapena CostX imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo za forex nonse mukuzidziwa. Pemphani akitekiti akutumizireni modelo (chojambula cha 3D chija) mu fayilo ya IFC, yomwe imatseguka pa mapulogalamu ambiri. BIMvision, pulogalamu yotsegulira ma IFC, ndi yaulere, yokwanira kuphunzirira.

Chachiwiri, pezani laputopu ya RAM yosachepera 16GB, ya batire yolimba, chifukwa magetsi sachenjeza pothima.

Chachitatu, ndipo apa m'pofunika kudekha: tengani ntchito yaing'ono yomwe munaiwerengera kale pamanja, monga nyumba ya zipinda zitatu. Tulutsani ma quantity (kuchuluka kwa zipangizo ndi ntchito) mu modelo yake, muwaike pambali pa BoQ yanu yakale. Adzasiyana ndithu. Fufuzani chifukwa. Nthawi zambiri mupeza khoma la 115mm litajambulidwa ngati la 230mm, kapena pulasitala atamuiwala, kapena konkire ya pilala ndi ya bimu itawerengedwa kawiri pomwe zakumana. Kompyuta siidziwa kuti wojambula analakwitsa, imangowonkhetsa.

Chachinayi, khalani pansi ndi akitekiti ndi injiniya ntchito isanayambe, mugwirizane mayina a zinthu mu modelo kuti afanane ndi mitu ya BoQ. Malamulo a ISO 19650 amafotokoza za kasungidwe ka uthenga wotere, koma poyambira pepala limodzi logwirizana likwanira.

Chomaliza, dziwani zomwe modelo siikupatsani: ma preliminaries (ndalama zoyendetsera saiti), shatala (matabwa othiramo konkire), zipangizo zowonongeka pomanga, ndiponso nthawi zambiri zokumba. Mzinda wathu ndi wamapiri. Puloti ya ku Soche kapena ku Nyambadwe pa sikirini imaoneka yosalala ngati tebulo, koma pansi pali mwala ndi mtsetse wofuna retaining wall (khoma lotchinga dothi kuti lisagumuke). Valani buti, mupite ku saiti ndi tepi, mukaone nokha musanalembe mtengo wa fawundeshoni.