Tetezani timitsinje ta m'mapiri kuti matope asaphe chakudya cha nsomba

Alimi ndi asodzi a ku Chikwawa ndi Nsanje, madzi osefukira akaphwa timawerenga nyumba zimene zagwa, ziweto zimene zapita ndi minda imene yakwiririka, koma sitiwerenga tizilombo ting'onoting'ono tokhala pansi pa mtsinje, ngakhale kuti ndi timeneti timene timadyetsa mphende ndi milamba imene timadalira. Ndikunena za mphutsi za tombolombo ndi za ntchentche zam'madzi, nkhanu, nyongolotsi ndi tina tokhala kunsi kwa miyala ndi m'mizu ya bango. Tambiri mwa tizilomboti timadya ndere ndi masamba owola, ndipo nsomba, makamaka zazing'ono, zimakula podya ito.

Chimene matope amachita ku tizilomboti chinaoneka bwino kwambiri kumene mapiri anaphulika. Pa 18 May 1980, phiri la Mount St. Helens ku United States linaphulika ndi kupha anthu 57. Phulusa, miyala ndi madzi zinasakanikirana n'kukhala matope amene anatsika ndi mtsinje wa Toutle mpaka kukafika mu mtsinje waukulu wa Columbia, kumene njira ya sitima zapamadzi, imene inali yakuya mamita pafupifupi 12, inatsala mamita 4 okha. Matopewo anatseka timipata ta pakati pa miyala mmene tizilombo timabisala ndi kuswana, anapala ziwalo zake zopumira, ndipo madzi anada kotero kuti dzuwa silinkafika pansi kuti ndere zimere. Chiphalaphala chamoto chimapha tsiku limodzi, koma matope anapitirira kutsika zaka zambiri, mpaka boma linamanga damu lotchinga mchenga pa mtsinjewo, limene anamaliza kulimanga mu 1989. Ofufuza anaona kuti zamoyo zinayamba kubwerera pochokera m'timitsinje tam'mbali timene tinapulumuka: zina zinatsika ndi madzi, zina zinauluka n'kudzaikira mazira. Zoyamba kufika zinali ntchentche zazing'ono zopirira matope, ndipo zofuna madzi oyera ndi mthunzi zinachedwa.

Kuno kwathu kulibe phiri lophulika, ngakhale kuti chigwa cha Shire chili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley chimene chili ndi mapiri otere ku Congo ndi ku Tanzania. Koma napolo timamudziwa. Mu March 2023, namondwe Freddy anagumula mapiri a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo dothi lambiri la kumeneko linatsikira kuno kudzera mu Ruo ndi mitsinje ina. Mu January 2022 namondwe Ana anali atawononga kale damu la Kapichira, ndipo madzi a mu 2015 ndi 2019 sitinawaiwale. Kwa kachilombo ka pansi pa mwala, matope a napolo ndi matope a phiri lophulika ndi imfa imodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti phiri limaphulika kamodzi n'kupuma, pamene ife timatumiza dothi mumtsinje dzinja lililonse chifukwa cholima mpaka m'mphepete mwenimweni ndiponso kudula mitengo ya makala m'mapiri a Thyolo ndi m'zitunda za kumadzulo. Onani mtsinje wa Mwanza, umene mchenga waudzaza kotero kuti mvula yochepa yokha umasefukira.

Pachifukwa ichi, malangizo anga akuyambira ku timitsinje ting'onoting'ono totsika m'mapiri, monga timene timathira mu Shire ku East Bank, pakuti timeneti ndiye nkhokwe yambewu ya mtsinje waukulu. Tikawonongeka, palibenso kochokera zamoyo zodzadzaza Shire ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017.

Siyani mpata wosalimidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo kukula kwake mugwirizane ndi mlangizi wanu pamodzi ndi amfumu poona kutsetsereka kwa malo. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemetsa kwa munthu amene dimba lake ndilo limadyetsa banja chilala chikavuta, pakuti chinyezi chili kumphepete komweko. Komabe gombe lopanda mizu limagumuka chaka ndi chaka, ndipo dimba lomwelo limatha pang'onopang'ono. Pafupi ndi madzi lekani bango limere, musalitenthe. Kumtunda kwake bzalani mizere ya vetiva mvula ikangokhazikika, mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15, kuti udzuwo ukakula ulukane n'kumasefa dothi. Kuseri kwa vetiva bzalani nsungwi, nsenjere ndi mitengo yokonda madzi monga mkuyu ndi mbawa. Mthunzi wake umaziziritsa madzi, chinthu chofunika kwambiri m'chigwa chotentha ngati chathu chifukwa madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndipo masamba ake akagwera m'madzi amakhala chakudya cha tizilombo tija. Mbuzi ndi ng'ombe zikhale ndi malo amodzi odziwika omwera, chifukwa ziboda zimaphwanya gombe ndipo mbande sizingakule pamene ziweto zikudya paliponse.

M'minda ya m'zitunda tsatani akalozera, ndipo zigwembe muzitchinge ndi miyala kapena zikhomo zisanakule.

Alimi a thonje ndi a ndiwo zamasamba, musatsukire mpope wopoperera mankhwala mumtsinje kapena m'thamanda, ndipo musataye mabotolo ake m'madzi. Mankhwala monga cypermethrin anapangidwa kuti aphe tizilombo, ndipo sasankha ka m'munda kapena ka m'madzi. Timadontho tochepa timakwana kupha tambiri. Tungani madzi, mukatsukire kutali ndi gombe. Asodzi nawonso aleke katupe ndi kukoka masikito, chifukwa njira zimenezi zimasesa ana a nsomba pamodzi ndi chakudya chawo, ndipo makomiti a m'madooko ali ndi udindo woletsa zimenezi.

Mungathe kudziyezera nokha ngati mtsinje wanu ukuchira. M'chilimwe, madzi akayera, sankhani malo osaya a miyala kumene kulibe ng'ona, mutole miyala ingapo n'kuitsukira m'beseni loyera lokhala ndi madzi pang'ono. Mukaona tizilombo ta mitundu yosiyanasiyana, tina ta michira iwiri kapena itatu ndi tina tokhala m'timanyumba ta mchenga, ndiye kuti madziwo ali bwino. Mukapeza timphutsi tofiira tokhatokha m'thope lakuda lonunkha, mpweya wachepa ndipo dothi kapena zonyansa zikulowa kuchokera kumtunda. Valani magambuti ndi magolovesi chifukwa nkhono zina zimafalitsa likodzo, ndipo ana asalowe m'madzi okhaokha. Mukamaliza bwezerani miyala ndi tizilomboto pamalo pake, ndipo chaka chamawa mudzayeze pamalo pomwepo m'mwezi womwewo, kenaka mudzafotokoze zimene mwaona ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu kuti idziwe gombe loyenera kuyamba kubzalidwa.