Momwe mungaonetsere mafilimu a mbiri ya ku Philippines

Ngati muli ndi nyumba yoonetsera kanema ku Nchalo, ku Bangula kapena pa boma la Nsanje, ndipo mukufuna kuonetsa mafilimu a ku Philippines okamba za mafumu ndi kukonda dziko, yambani mwaphunzira mbiri yake, chifukwa anthu amatopa msanga ndi nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake. Filimu isanayambe, fotokozani mwachidule kuti zilumba za Philippines zinalamulidwa ndi Spain kuyambira 1565 mpaka 1898, kenaka zinagwa m'manja mwa America.

Nkhani za mafumu n'zosavuta kumva kuno kuchigwa. Ku Philippines, "datu" linali dzina la udindo wa mfumu ya dera, wolemekezedwa monga momwe Amang'anja amalemekezera Mfumu Lundu, ndipo Lapu-Lapu, amene ankhondo ake anapha Magellan, mtsogoleri wa ulendo wa zombo za Spain, pa chilumba cha Mactan mu 1521, anali mmodzi wa mafumu amenewa.

Filimu ya Heneral Luna ya 2015 imafuna womasulira wosamala kwambiri. Antonio Luna, mkulu wa asilikali a ku Philippines pa nkhondo yolimbana ndi America, sanaphedwe ndi adani, koma ndi asilikali a mbali yake yomwe m'tauni ya Cabanatuan mu 1899, ndipo womasulira akayamba nthabwala pamenepa, nkhani yonse ya kusakhulupirika imatayika. Ioneni kaye nokha ndi kulemba mayina, popeza amayankhula Chitagalogi ndipo mudzadalira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Mufilimuyi muli kukhetsa magazi ndi kutukwana, choncho ana musawalowetse.

Onetsani madzulo dzuwa litapepa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo batire ya sola muitchaje masana onse, chifukwa filimuyi imatenga pafupifupi maola awiri.