Mmene mungayendere malo a conservation easement ku America

Ku America mabungwe oteteza malo ndi chilengedwe, aja amati ma land trust, amakonda kufuna mavolontiya oyendera malo, ndiye ngati muli konko ndipo mwalembetsa, tamverani. Conservation easement ndi pangano loti mwini malo asadule mapuloti, asamange paliponse kapena kugwetsa nkhalango, zimatengera zomwe analemba, koma malowo ndi akebe, atha kulima, atha kugulitsa, kungoti panganolo silichoka olo malo asinthe manja kangati. Bungwe la land trust lija ndiye mlonda wa panganolo.

Musanadzuke werengani panganolo ndi baseline report, lipoti lija analemba nthawi yosainirana, muli mapu ndi zithunzi za mmene malowo analili. Popanda limeneli mungokawongola miyendo basi, simudziwa ngati shedi mukuionayo ndi yakale kapena ya chaka chino. Kenako muimbireni mwini malo mupangane tsiku, ngati ali ndi mpata muyende naye.

Malamulo a Land Trust Alliance, bungwe lalikulu la ma land trust ku America, amati kuyendera ndi kamodzi pachaka osaphonya. Ena amagwiritsa ntchito zithunzi za ndege kapena satelayiti, komabe munthu azipondapo ndithu kamodzi pa zaka 5.

Mukafika yambani ndi malire, chifukwa nthawi zina wolakwa si mwini malo ayi, ndi neba wasuntha fensi kapena wadula mitengo ya eni ake. Jambulani mutaima pomwe anaima pojambula zoyamba zija, kuyang'ana mbali yomweyo, GPS ya pafoni ikuthandizani. Onaninso misewu yatsopano, zinyalala, magombe a mtsinje ngati ng'ombe zagumula.

Mukaona chokayikitsa chonde osayamba kukalipa, inu si apolisi ndipo kumasulira pangano si ntchito yanu, jambulani, lembani zomwe mwaona zokhazokha, kasiyeni ku ofesi. Zambiri zimatha pokambirana. Kukhoti nkomaliza ndipo kumadya ndalama heve, mpake mu 2013 mabungwewa anayambitsa inshuwalansi yawoyawo, Terrafirma, yolipirira milandu yotereyi.

Amene ine ndimati muzimuganizira kwambiri ndi wogula watsopano. Mwini woyamba uja anasaina yekha mwakufuna kwake, pomwe uyu mwina anangomva loya akutchula mothamanga tsiku logula, iye mmutu muli kale pulani ya nyumba yachiwiri kumtsinjeko. Ndiye musanatsanzike funsani mwaulemu ngati pali maganizo ogulitsa, kuti a ku ofesi akacheze ndi watsopanoyo asanaitanitse thalakitala.