Kutchuna ECU yogula padera pa msewu wa Salima: yambani ndi log

Amene munachotsa injini ya Hilux n'kuikamo 1UZ-FE ya Lexus, ija ya V8 ya malita 4.0, mukudziwa kuti kompyuta yake imabwera mawaya atadulidwadulidwa. Ndiye ambiri timathamangira ECU (kompyuta yoyendetsa injini) yogula padera: Spitronics kapena Dicktator za ku South Africa, Haltech ndi Link kwa amene m'thumba muli bwino, kapena Speeduino yomwe mtengo wake ndi wofikirika. Pagalaja panga pano pa Salima ndimagwiritsa ntchito Speeduino ndi pulogalamu ya TunerStudio, choncho mayina amene nditchule ndi a m'menemo, koma ntchito yake ndi imodzimodzi pa ECU iliyonse.

Map (fayilo ya nambala za mafuta ndi moto) imene wogulitsa amakutumizirani pa WhatsApp ndi yongolizira injini. Amene anaipanga sakudziwa petulo wathu, sanamvepo dzuwa la kunyanja kuno mu Okutobala, ndipo sanakwerepo mitunda ya M14. Zimenezi mudzazidziwa nokha, ndipo chokuuzani zoona ndi log, kaundula wa zimene masensa amawerenga galimoto ikuyenda, osati khutu kapena mmene galimoto ikukokera.

Musanatuluke pa geti, chitani izi injini ili yozizira, m'mamawa. Tembenuzani kiyi koma musalize. Sensa ya madzi ndi sensa ya mpweya wolowa ziyenera kuonetsa kutentha kofanana, kapena kusiyana pang'ono chabe. Sensa ya MAP, yoyeza kupanikizika kwa mpweya wolowa mu injini, iyenera kuwerenga pafupifupi 95 kapena 96 kPa, chifukwa Salima ili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamene pamayambira nyanja zamchere. Ikamawerenga 101 muli konkuno, ndiye kuti mwasankha sensa yolakwika mu pulogalamu, ndipo chilichonse chimene mutchune pamwamba pake chidzakhala chokhota. Pondani moto mpaka pansi muone ngati TPS, sensa yoona mmene mwapondera moto, ikuchoka pa 0 kufika pa 100. Mawaya a earth a masensa onse abwerere ku ECU, osawamanga pa bodi paliponse pamene pali bawuti.

Kenako timing, nthawi imene pulagi imapereka moto. Lizani injini, mukhome timing pa madigiri 10 mu TunerStudio, mutenge timing light muunike chizindikiro cha pa pule ya kutsogolo. Ikamaonetsa 14 pamene laputopu ikunena 10, sinthani trigger angle mu pulogalamu mpaka zigwirizane. Pondani moto pang'ono muone ngati chizindikirocho chikuimabe pomwepo. Mukatha musaiwale kumasula, chifukwa galimoto yoyenda pa madigiri 10 okhaokha imakhala yaulesi ndipo ekizozi imatentha kwambiri.

Popanda wideband, sensa ya pa ekizozi yoyeza msakanizo wa mpweya ndi mafuta, musayambe n'komwe. Sensa yakale ya oxygen ija imangodziwa kuti mafuta achuluka kapena achepa, siidziwa kuti ndi mochuluka bwanji. Gulani ya Bosch LSU 4.9 ndi kabokosi kake. Poiwotcherera pa ekizozi, mchira wake uloze m'mwamba pang'ono, madigiri osachepera 10, kuti madzi a m'paipi asamaigwere m'mawa. Ndipo paipi isadonthe mpweya paliponse pakati pa injini ndi sensayo. Kabowo kakang'ono pa gasiketi kamakoka mpweya wakunja, sensa n'kunena kuti mafuta achepa, inu n'kumangowonjezera mpaka mapulagi kuda bii.

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mabuku amati petulo amapsa bwino pa 14.7, kutanthauza magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta. Zimenezo ndi za petulo wosasakaniza. Wathu kuno amathiramo ethanol, ndipo zinayamba kale mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa, kwa anzathu a ku Nkhotakota, inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol payekha amapsa bwino pa 9.0. Akakhala 10 peresenti m'petulo nambala ija imatsikira pafupifupi pa 14.1, akakhala 20 peresenti imafika cha pa 13.5, ndipo pomwetsera mafuta simungadziwe ndi maso kuti lero muli wochuluka bwanji. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuwerenga lambda. Lambda 1.00 ndi kupsa koyenera pa mafuta aliwonse amene ali mu thanki; ikapitirira apo mafuta achepa, ikatsika achuluka. Pa injini yopanda turbo ine ndimafuna 1.00 pa idle ndi poyenda mwakachetechete, ndi 0.86 kapena 0.87 mukaponda mpaka pansi. Ya turbo imafuna mafuta ambiri kuposa apo, cha m'ma 0.80.

Pamsewu muzipita awiri. Wina agwire chiwongolero, wina laputopu pamiyendo. Woyendetsa maso ake akhale pa msewu basi, chifukwa kuno akabaza, ana asukulu ndi mbuzi sizichenjeza. Sankhani malo owongoka kutali ndi misika, injini itenthe kaye kupitirira madigiri 80, muzimitse closed loop kuti ECU isamakonze yokha zimene mukufuna kuona, ndiye muyambe kujambula log. Muzikhala RPM, MAP, TPS, lambda, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya, mphamvu ya batire, pulse width (nthawi imene injector imakhala yotseguka), advance (madigiri a timing) ndi sync loss (pamene ECU yasokonezeka powerenga kuzungulira kwa injini).

Woyendetsa muuzeni kuti, "Achimwene, giya 4, mugwire pa 2,000 phazi lisagwedere." Akhale pomwepo masekondi angapo, kenako 2,500, kenako 3,000. Wideband imachedwa pang'ono kuona zimene zachitika mu silinda, ndiye nambala za nthawi imene phazi likuyenda n'zosadalirika. Mukamva kudukiza kapena kugogoda, dinani spacebar, TunerStudio imaika chizindikiro mu log kuti mukapapeze msanga. Mabokosi a mu VE table (tebulo la mafuta loyendera RPM ndi MAP) a katundu wolemera, pamene injini ikukoka kwambiri, musawafune ndi liwiro. Mitunda ya pa M14 popita ku Lilongwe imakupatsani MAP yokwera galimoto ikuyenda 60 yokha.

Mukaima pamthunzi tsegulani log mu MegaLogViewer. Masamu ake ndi apafupi: nambala ya mu VE table muichulukitse ndi lambda imene mwapeza, mugawe ndi imene mumafuna. Bokosi la 2,500 RPM ndi 60 kPa likakhala ndi 60, log n'kuonetsa 1.10 pamene mumafuna 1.00, lembanimo 66. Mabokosi oyandikana nawo muwakweze pang'ono kuti tebulo likhale losalala, chifukwa injini siidumpha kuchoka pa 66 kugwera pa 52 m'bokosi lotsatira. VE Analyze Live ya mu TunerStudio imachita masamu amenewa yokha, ndipo ndimaikonda, koma imakhulupirira chilichonse chimene sensa yanena. Silinda ikaphonya moto, mpweya wosapsa umadutsa pa sensa n'kuoneka ngati mafuta achepa. Mukaona lambda yalumpha mwadzidzidzi, yang'anani kaye sync loss ndi mapulagi musanakhudze tebulo. Onaninso duty cycle, gawo la nthawi imene ma injector amakhala otseguka, pa RPM yapamwamba penipeni. Ikadutsa 85 peresenti, ma injector achepa kapena pampu yatopa, ndipo laputopu singakonze zimenezo.

Kutentha kwa kuno kuli ndi msampha wake. Mukaimika galimoto pa Kamuzu Road masana, sensa ya mpweya imamwa kutentha kwa mu boneti n'kufika 60 kapena kuposa, ECU n'kuchepetsa mafuta, injini n'kumadukiza mukailiza. Musakonze zimenezi mu VE table, mudzaononga zimene zinali bwino m'mawa. Sunthani sensayo ikhale mu paipi ya mpweya wolowa, kutali ndi chitsulo chotentha.

Za kukwera mapiri: ku Lilongwe MAP imawerenga cha pa 89 kPa injini itazima, ku Dedza cha pa 84. ECU yowerengera mafuta kuchokera ku MAP imadzikonza yokha mbali yaikulu, koma Speeduino yopanda sensa yachiwiri ya baro imawerenga mpweya wakunja poliza pokha. Mukalizira ku Senga Bay, imasunga nambala ya kunyanja mpaka mutazimitsa. Jambulani log ulendo wonse, mufananitse lambda ya bokosi limodzimodzi kumunsi ndi kumtunda. Ikasiyana kwambiri, ikani sensa yachiwiriyo.

Timing ya pa katundu wolemera musaithamangire popanda dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Kwezani digiri imodzi imodzi, mukumvetsera ndi paipi ya kopa yomangidwa pa buloko n'kulumikiza ku makutu. Kugogoda kumamveka ngati timiyala m'chitini. Mukangokumva, bwezani madigiri 2 kapena 3 pamalo amenewo. Muzitchunira nthawi yotentha ndi petulo wa pa pampu, ndipo musiye mpata, chifukwa mafuta akasowa mudzathira a m'zigubu omwe ena amasakaniza ndi palafini, ndipo amenewo amagogoda msanga. Ine ndimasunga map yachiwiri yobweza timing madigiri 4 ya masiku otero.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, dinani Burn kuti zikhazikike mu ECU, ndipo fayilo ya tune muisunge ndi deti limodzi ndi log yake. Lambda ikamagwera pafupi ndi imene mukufuna m'mabokosi onse amene mumayendamo, yatsaninso closed loop, muipatse malire a 5 peresenti okha.